Mchere m'Dimba la Bambo

Mudzi wa Nyang'ombe,
P.A. Tengani,
Nsanje.
14 Januwale 1974.

Okondedwa achimwene anga a Sebastiano,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, inu pamodzi ndi alamu a Jesinta ndi ana onse ku Bulawayoko. Kodi chifuwa chija munanena mu Novembala chinatha? Musachinyozere chifuwa, achimwene. Bambo athunso anayamba ndi kutsokomola pang'ono chabe. Ngati nonse muli bwino, ife tingothokoza Mulungu.

Kuno tilipo. Akazi anga a Evelesi akudandaula msana, koma akuyenda. Priska ali mu Sitandade 3 ndipo wandipitirira kale pa kuwerenga. Mlongo wathu Otilia ali bwino kwambiri, ndipo pakamwa pake mphamvu sizinathe, monga mumve m'munsimu. Mvula inayamba mochedwa. Kutentha ndi komwe kuja mukukudziwa, udzudzu nawo sunasamuke.

Kalata yanu ndinailandira kutatsala masiku atatu kuti tidye Khirisimasi. Ndaiwerenga mpaka yang'ambika mopindamo. Mwanena kuti zaka khumi ndi zisanu zophikira azungu zakwana, kuti kumapeto kwa Febuluwale mupereka notisi, ndipo mu Epulo mufika ndi banja lonse kuti madzi akamaphwa mudzabzale mbali yanu ya dimba la bambo. Munafunsanso ngati dothi lija likadanunkhira ngati kale.

Papita masabata atatu ndisanayankhe. Pepala ili ndi lachinayi. Atatu enawo a Evelesi anakolezera moto.

Ndiloleni ndiyambire patali, chifukwa ndikati ndingoyamba ndi nkhani yeniyeniyo dzanja likukana.

Mukukumbukira mmene zinkakhalira madzi akayamba kusefukira kuchokera mu Shire? Ankalowa m'dimba mwathu kudzera m'khwawa lija la pamtondo, n'kukhalamo masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Ankasiya matope osalala ngati phala la mwana. Fungo lake linali ngati la mphika watsopano umene wangothiridwa madzi koyamba. M'mathamanda otsalira munkakhala milamba, inu munkaigwira ndi manja, ine ndinkagwira dengu ndili patali.

Bambo ankatsogola, thalauzi atapinda mpaka m'mawondo. Sankabzala kanthu asanaligwire dothi. Ankatapa pang'ono, n'kulifikisa pakati pa zikhatho ngati akupota chingwe. Kufupi ndi mtsinje linkangoyoyoka, iwo n'kunena kuti uwu ndi mchenga, muno ndi mwa mbatata ndi mavwende, chimanga mukachiika muno chidzafa ndi ludzu mu Ogasiti. Kumapeto kuja, kumakande akuda, chingwecho chinkapindika mpaka kukhala chibangili osaduka, ndipo tsiku lina anamuveka Otilia pamkono. Kumeneko kunali kwa mpunga, chifukwa makande amasunga madzi ngati mtsuko, koma akauma amang'ambika mpaka mwendo wa mbuzi kulowa.

Koma pakati paja, achimwene! Chingwe chinkapoteka bwinobwino, ukati uchipinde n'kuduka. Lofiirira, lofewa, khasu linkalowa lokha. Tinkakumba maenje ofika m'chigongono kutsata chinyontho, n'kuponyamo chimanga, ndipo chinkakula popanda dontho la mvula mpaka kukolola. Nyemba m'mbali, maungu akuyanga paliponse. Amayi ankatopa ndi kusenza.

Akatha kupota, bambo ankaika kadothi pa lilime. Ankatseka maso kanthawi, kenako n'kunena m'Chisena chawo chija kuti mataka adidi, dothi labwino. Inu munkawatsanzira kumbuyo kwawo, mpaka tsiku lija munalawa pamene panadutsa ng'ombe. Ndikakumbukira nkhope yanu ndimaseka ndekha ngakhale lero.

Asanamwalire anagawa dimbalo ife tonse tikumva. Pakati anapereka kwa inu monga mwana wamkulu, mchenga ndi makande kwa ine. Anawonjezera mawu amodzi okha, akuti khwawa lija tizililambula chaka ndi chaka ngati njira ya ku tchalitchi, bango lisamatsekemo. Sananene chifukwa chake, ndipo ine sindinafunse. Inu mutabwerera ku Bulawayo, mbali yanu munaisiya m'manja mwanga kuti ndizilima ndi kudya mpaka tsiku limene mudzaifune.

Mumandidziwa, achimwene. Madzi ndimawaopa chibadwire. Anzathu onse akamasambira, ine ndinkakhala pagombe kusunga makabudula anu, mpaka dzina la Msungakabudula linandikanirira. Ena akundiitana choncho mpaka pano, imvi zili mbuu.

Ndiye anabwera madzi a 1969. Ndinakulemberani kuti tinapulumuka, koma sindinakuuzeni zonse. Anafika masana dzuwa likuswa mtengo, tikudya. Anadzaza khwawa, n'kudzaza dimba, n'kupitirira mpaka pakhomo. Nkhokwe inagwa ndikuona. Mbuzi zinayi zinapita. A Evelesi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo tinawakweza m'bwato la eni ake madzi ali m'chiuno. Tinakhala masiku asanu ndi anayi pamwamba pa njanji, ife ndi mudzi wonse, nkhuku ndi agalu omwe.

Masiku onsewo ine ndinkangoyang'ana mtumbira umene anayalapo njanjiyo. Madzi mbali iyi, madzi mbali iyo, koma ife pamwamba pouma. Ndinati mumtima, ili ndi dothi chabe lounjika ndi anthu. Ngati dothi lingaimitse Shire, ine khasu ndili nalo.

Kuyambira Juni mpaka Okutobala chaka chimenecho ndinamanga khoma la dothi. Ndinatseka pakamwa pa khwawa la bambo, n'kulipitiriza mbali yonse yotsika ya dimba, lotalika kufika pachifuwa. Ine ndinkakumba, a Evelesi ankasenza m'dengu, khanda lili kumbuyo. Anthu odutsa ankafunsa kuti sitima iyamba liti kuima pa siteshoni ya a Lorenso, ena ankati ndiwasungire tikiti ya ku Beira. Otilia anabwera kamodzi, anayang'ana, n'kunena kuti bambo anati tizilambula, sanati tizitseka. Ndinamuyankha kuti bambo sanagonepo pa njanji ndi mkazi wodwala. Anangotembenuka n'kumapita.

Chaka chotsatira madzi anabwera n'kulambalala. Madimba a anzathu onse anamira, lathu lokha linali louma. Ndinabzala ndi mvula yoyamba, ndinakolola mu Malichi anzanga akadali kudikira kuti madzi aphwe, n'kubzalanso kachiwiri. Oseka aja anabwera kudzapempha mondokwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinkagona mvula ikugwa osadzuka kukasuzumira panja. Ndinakulemberani kuti dimba lili bwino, ndipo zinali zoona. Koma za khoma sindinatchule. Ndinkafuna mudzalione ndi maso anu, mudzanene kuti Msungakabudula uja waganiza ngati munthu wamkulu.

Chaka chachiwiri panaoneka malo aakulu ngati mphasa ziwiri, pakati penipeni pa mbali yanu. Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, basi n'kuima. Masamba anapsa m'mphepete ngati awauka ndi moto. Ndinati ndi chiswe. Ndinakumba, chiswe munalibe.

Chaka chachitatu malowo anakula ngati bwalo la sukulu. M'chilimwe pamwamba pa dothi panayera ngati wina wawazapo ufa. Ndinagula feteleza n'kuthira, koma zinangoipiraipira. Maungu anakana. Nyemba sizinatuluke n'komwe. Mvula ikagwa madzi ankangoima pamwamba osalowa, akauma n'kusiya chikhakha cholimba chimene khasu linkachita kudumphapo. Nyongolotsi zija tinkakumba popita kukawedza zinasowa. Mbuzi za m'mudzi zinayamba kubwera zokha m'dimba lopanda msipu, n'kumanyambita pansi.

Achimwene, m'zaka zimenezi ndinakulemberani makalata atatu onena kuti dimba lili bwino. Onse atatu ndinanama.

Ndipo pali china chimene chikundichititsa manyazi koposa. Ndinkadziwa chimene bambo akanachita. Kangapo konse ndinatapa dothi loyeralo, ndinalipota m'manja, ndinalifikitsa pafupi ndi mlomo, n'kulitaya. Zaka ziwiri zathunthu sindinalawe. Ndinkaopa chimene lilime lindiuze. Ndinkati ndikapanda kulawa, mwina chaka chamawa zisintha zokha.

Mu Okutobala wapitayu Otilia anabwera kudzapempha mbewu ya maungu a amayi aja, a khosi lalitali. Ndinamuuza kuti chaka chino sindinasunge. Anandiyang'ana, kenako anauyamba wa kudimba, ine ndikumutsatira pambuyo ngati mwana wakuba. Atafika pakati anawerama, anatapa, anaika pa lilime, n'kulavula pomwepo. Anakuwa kuti munyu, Lorenso, mchere weniweni! Anati ndithamange ndikatenge mphika woboola pansi tiyambe kutcheza mchere, tikagulitse pamsika wa ku Nsanje, chifukwa m'mudzi muno alimi a chimanga ndi ambiri koma mlimi wa mchere ndi ine ndekha. Anati achimwene akadzabwera tidzawapatse mcherewo adye, ndiwo akafune kwina.

Ndinaganiza kuti apitiriza kunditukwana, ndipo zikanakhala bwino. Koma anangokhala pansi pa dothi loyeralo n'kuyamba kulira. Anati apa m'pamene amayi ankamukhazika pamthunzi wa chimanga akamathyola nyemba.

Sabata yotsatira ndinapita kukaitana a Elisha, mlangizi wa zaulimi wa dera lino. Ndi mnyamata waulemu, wa ku Chikwawa. Anabwera pa njinga, anandiuza kuti ndikumbe dzenje pakati pa mbali yanu. Ndisanafike m'chiuno madzi anayamba kutuluka. Anati ndilawe. Ndinalawa, achimwene, pamaso pa mlendo. Anali ngati msuzi wa nsomba zouma.

Anandifotokozera mwa njira yoti ngakhale ine wa Sitandade 4 ndimve. Akuti malo ambiri m'chigwa chino mchere ulipo pansi kuyambira kalekale. Dzuwa lathuli likamawomba, dothi limakoka madzi a pansiwo kubwera nawo pamwamba monga chingwe cha nyali chimakokera palafini. Madziwo amauma, mchere n'kutsala. Chaka chilichonse Shire akasefukira ankautsuka, wina n'kuukankhira pansi, wina n'kupita nawo, ndipo pochoka ankasiya matope atsopano. Ine nditatseka khwawa ndinatseka zonse ziwiri, wotsuka ndi wobweretsa. Ngakhale madzi a mvula analibe potulukira, ankangouma pomwepo ndi mchere wawo.

Ndinafunsa chifukwa chake mbali yanga sinawonongeke kwambiri. Anati mchenga sukoka madzi kuchokera pansi, makande amakoka mochedwa, koma dothi labwino lofewa ngati lanu ndi limene limakoka msanga, ndiponso lili potsika. Ubwino wake womwe uja ndi umene unalipweteka. Ndinawononga mbali yanu, yanga n'kutsala. Ndikudziwa mmene zimenezi zikumvekera. Mulungu ndi mboni kuti sindinachitire dala.

A Elisha anafunsa kuti nzeru ya khomayi anandipatsa ndani. Ndinati ndinaonera njanji. Anayesa kudzigwira koma analephera, anaseka mpaka kutsamira njinga. Anati bambo, masiku asanu ndi anayi munakhala pamenepo simunaone kuti njanji ili ndi mipata pansi yodutsira madzi? Ndinaiona, achimwene. Ana ankawedzamo. Koma ine ndinkangoyang'ana pouma pamene ndinakhala.

Za kuchira kwa dothilo anakana kulonjeza. Anati ndikatsegula khwawa, mwina madzi a zaka ziwiri, mwina zitatu, malinga akhale madzi okwanira. Akuti poyamba tidzayese mapira, chifukwa amapirira mchere pang'ono. Chimanga chidzabwere pambuyo, nyemba pamapeto penipeni. Tikadzaona nyongolotsi zabwerera, ndiye kuti dothi layamba kukhululuka.

Ngakhale nditamva zonsezi, khoma sindinaligumule. Novembala yense ndinkapita ndi khasu, n'kuima pamwamba pake, n'kukumbukira a Evelesi m'bwato muja, n'kubwerera. Otilia anandiuza kuti ngati sindikulemberani, apita kwa aphunzitsi akamulembere yake, ndipo yakeyo sidzakhala ndi moni. Ndinamupempha kuti andipatse mpaka chaka chithe.

Kenako inafika kalata yanu. Nditawerenga za notisi, m'maganizo ndinakuonani mukufika. Ndinaona ana anu asanu akutsika sitima ndi mitolo yawo, alamu atavala nsalu yatsopano, inu mukutsogola kupita kudimba thalauzi mutapinda ngati bambo.

Tsiku lotsatira Khirisimasi ndinayamba kugumula. A Evelesi nditawauza anaika manja m'chiuno. Anati miyezi isanu anasenza dothi limeneli kupita nalo uko, tsopano alisenzenso kubwera nalo kuno? Anati akadzamwalira tidzauze anthu pamaliro kuti mayiyu anafa ndi kusamutsa dothi limodzi kawiri. Atatero anatenga dengu lomwe lija n'kunditsogolera. Alamu athu a Augustino, amuna a Otilia, anatithandiza masiku anayi. Tatsegula pakamwa pa khwawa, tadula khoma malo atatu kumunsi, ndipo bango lonse ndalambula mpaka kumtsinje monga ananenera bambo. Nkhokwe ndi mbuzi ndasamutsira kumtunda kwa Otilia. Madzi akafika pakhomo tidzathawira komweko. Wanena kale kuti adzatilandira, koma ndidzagona ndi mbuzizo.

Tsopano pempho langa ndi ili, ndipo ndikulemba nditagwada mumtima.

Musapereke notisi mu Febuluwale. Ngati mwanena kale kwa bwana wanu, bwererani mukamuuze kuti kumudzi kwasintha zinthu. Pirirani zaka zina ziwiri. Ndikudziwa kuti mwatopa, ndikudziwa kuti miyendo imatupa poima pa chitofu tsiku lonse, ndipo ndine amene ndakuwonjezerani zaka zimenezi. Koma mukabwera mu Epulo, mbali yanu sidzakupatsani ngakhale dengu limodzi, ndipo ntchito ngati yanuyo mukaisiya simudzaipezanso.

Ngati simungathe kupirira, bwerani, kwanu ndi kuno. Mudzatenge mchenga ndi makande anga, pamodzi ndi munda wanga wa mapira wa kumtunda. Ine ndidzatsala ndi pakati poyerapo mpaka padzachire, ndipo pakadzachira ndidzakubwezerani. Koma ndisakunamizeninso: mbatata, mpunga wochepa ndi mapira amenewo sizingadyetse mabanja awiri chaka chathunthu. Ndawerengera ndi kuwerengeranso. Tidzafika Disembala tikudya nyika, mizu ija ya m'dambo.

Mkwiyo wanu ubwere kwa ine ndekha. A Evelesi anangosenza chimene mwamuna wawo anakumba.

Ndikudziwanso chimene munene mukawerenga. Muuza alamu kuti Lorenso ndi yemwe uja, akaona mtambo amati chigumula, akamva chifuwa amati maliro. Nthawi zambiri mumakhoza mukatero. N'chifukwa chake m'kalata muno ndaikamo timapepala tiwiri topinda. Komangidwa ndi ulusi wakuda muli dothi la m'dimba la a Agnesi, oyandikana nafe aja, kunja kwa khoma, kumene madzi sanasiye kufika. Ndikuulula kuti poyamba ndinafuna kukutumizirani lokhalo, kuti ndiyankhe funso lanu la fungo. Linagona m'thumba la malaya anga masiku awiri. Komangidwa ndi ulusi woyera muli la pakati pa mbali yanu. Musakhulupirire mawu anga. Nunkhizani, kenako muike pa lilime, loyamba kenako lachiwiri, monga ankachitira bambo. Mukatero muganize za notisi.

Ngati wina angatsegule kalatayi panjira, chonde adziwe kuti si mankhwala, ndi dothi chabe la ku Nsanje, ndipo alibwezeremo.

Pamene ndikulemba pano mtsinje wayamba kukwera. Amabwato akuti kumapiri a ku Mulanje mvula ikugwa usana ndi usiku, ndipo mtsinje wa Ruo wadzaza. Ndinazika ndodo pakamwa pa khwawa n'kuilemba mizere ndi mpeni. M'mawa uliwonse ndimapita kukaona. Lachisanu madzi anali pa mzere wachiwiri, lero ali pa wachinayi. Akafika pa wachisanu ndi chiwiri alowa m'dimba. Mantha sanandichoke, achimwene. Koma ndikapeza kuti sanakwere, ndimabwerera kunyumba wokhumudwa.

Dzulo ku tchalitchi akatekisiti anapemphera kuti chaka chino Ambuye atipewetse madzi osefukira. Mpingo wonse unayankha Amen. Ine ndinangoweramitsa mutu, pakamwa ndinatseka. Otilia anandiona ali kumbali ya amayi, ndipo potuluka anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chimwalirire bambo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Jesinta, muwauze kuti ndikupepesa chifukwa cha mitolo imene mwina anayamba kale kumanga. Moni kwa Leonard, Juliana ndi ang'onoang'ono atatu amene sindinawaonebe. A Evelesi, Priska ndi Tomasi, khanda lija la chaka cha madzi, akupereka moni. Otilia akuti ndikuuzeni kuti mbewu ya maungu a amayi waipeza kwa a Agnesi, ndipo aisunga m'chiguduli padenga mpaka tsiku limene mudzaibzale nokha.

Yankhani msanga, ngakhale mawu ake akhale owawa. Kukhala chete kwanu n'kumene sindingakupirire. Mulungu wa bambo athu akusungeni kuntchito ndi kunyumba, ndipo chifuwa chija mupite nacho ku chipatala.

Ndine mng'ono wanu wolakwa,

Lorenso Antonio